Mayi Simbi ndi Mwana wa Mlongo Wawo

Mumsewu monse ankawatchula Mayi Simbi. Iwo dzinalo ankalinyadira, osadziwa kuti anthu amalitchula akuseka. Kuyambira utsikana wawo ankachapa ndi kusita m'nyumba za mabwana, ndipo kumeneko anatolako nzeru imodzi yokha, yoti munthu amamuyeza ndi kolala ya malaya. Pamaliro ankayang'ana nsapato za anamfedwa. Kutchalitchi ulaliki unkawadutsa, koma potuluka ankadziwa aliyense amene wabwera ndi makwinya. Banja linawakanika msanga. Mwamuna anatopa kukhala ngati mlendo m'nyumba mwake, tsiku lina anati akukameta, mpaka lero akumetabe.

Mwana sanabereke. Analera mlongo wawo wamng'ono, amene atakula anakhala dalaivala wa magalimoto akuluakulu, munthu wosakhalitsa pakhomo. Mkazi wake ndi kamtsikana kawo ankakhala m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ya Mayi Simbi. Mlamuyo anali wofatsa. Wogona m'nyumba ya eni sakweza mawu.

Kamtsikanako kanadwala bambo ake ali paulendo. Thupi moto, chifuwa, kupuma kwa befubefu. Chakudya kanakana, madzi kankabweza. M'mawa wina kanauma thupi, maso n'kutembenuka, kenaka kanatsitsimuka. Amake anagwira nsalu kuti abereke, athamangire kuchipatala.

"Mupita naye choncho?" anatero Mayi Simbi ataima pakhomo. "Tsitsi ngati chisa cha khoswe? Mukufuna anamwino azinena kuti kwathu kulibe sopo?"

Mayi Simbi anammwetsa mwanayo panado kuti asakavute panjira, n'kumutsina mphuno mpaka anameza. Anamusambitsa, anamudzoza mafuta, anamupesa. Anakoleza makala, anasita kadiresi ka kolala yoyera ka mabatani kumsana. Amake anangoima ndi nsalu yawo m'manja, dzuwa likukwera.

Panjira anawalangiza. "Zouma thupizo musakazitchule, alamu. Akakanena kuti ndi khunyu, adzamukwatira ndani? Kumtundu kwathu kulibe zimenezo. Kaya kwanu."

Kuchipinda cholandirira odwala mwadzidzidzi mabenchi anali odzaza. Fungo la mankhwala otsukira pansi, fungo la matewera, kulira kwa ana mbali zonse. Mayi Simbi anapukuta benchi ndi kampango asanakhale. Anamwaza maso. Uyu mamina mpaka kukamwa, uyo wangokulungidwa m'thawulo, amake atavala patapata wosiyana. Anayang'ana wawo, ali phee pachifuwa pa amake, kolala ili mbee. Mtima unakhala pansi. Pabenchi ponsepo panalibe mwana wowaposa.

Dokotala wa tsikulo anali mwamuna wa maso otopa, jasi lake losaonana ndi simbi. Mayi Simbi anaona zimenezo asanamupatse moni. Ntchito yake inali yogamula: uyu apite kwawo ndi mankhwala, uyu agonekedwe. Kuwodi mabedi anali ochepa, ena ana awiriawiri, ndiye mwana sankagonekedwa chifukwa cha chisoni. Pankafunika chifukwa. Chifukwacho dokotala amachipeza m'zimene waona ndi zimene wauzidwa.

"Chavuta n'chiyani, mayi?"

"Kachifuwa chabe, adokotala," anayankha Mayi Simbi amake asanatsegule pakamwa. "Tangoti timuonetse. Ife sitidikira kuti zifike poipa ngati anzathuwa."

"Akudya?"

Funsolo linawabaya. Kodi akuwaona ngati anthu omana mwana?

"Kwathu mwana sagona ndi njala."

"Akumwa? Sakusanza?"

"Mwamuona ngati mwana wosanza ameneyu?"

"Sanakomokepo?"

"Mulungu atithandize! Kwathu zimenezo ayi."

Namwino anayeza kutentha kwa thupi. Kunali kwabwinobwino, panado atagwira ntchito yake, ndipo palibe anafunsa ngati wamwa kanthu. Dokotala anayang'ana mabatani aja, anayang'ana mzere wa pakhomo, n'kungogunditsa choyezera chake pamwamba pa diresi. Ana ena awiri ankakuwa kuseri kwa katani. Chimene anamva m'makutu mwakemo akudziwa yekha.

"Wofatsatu uyu," anatero.

"Ndi woleredwa," anatero Mayi Simbi, khosi litatalika.

Dokotala nayenso kolala inamugwira. Sukulu yonse ija, koma anaona mwana wosamba, wonyezimira mafuta, ndi mayi woyankha mwamphamvu, basi nkhani yatha. Analemba mankhwala. "Muzikammwetsa. Zikapitirira mubwerenso."

Mayi Simbi anadzuka, anathokoza mwaulemu wa m'nyumba za mabwana, anakonza siketi. Anapambana. Kwawo mwana sagonekedwa pamodzi ndi ana a mamina.

"Tiyeni, alamu."

Mlamu sanadzuke.

"Alamu, ndati tiyeni. Anthu akudikira."

Mlamuyo, maso ali pansi, anatembenuza mwana n'kuyamba kumasula mabatani. Batani limodzi linathothoka, linagubuduka pansi pa tebulo.

"Mukung'amba diresi, inu!"

"Adokotala, taonani apa."

Pansi pa nthiti khungu linkalowa m'kati pakupuma kulikonse, ngati wina akulikoka ndi chingwe. Mutu wa mwana unagwera kumbali, maso otseka theka.

"Sanadye kuyambira dzana," anatero amake, mawu ali pansipansi. "Madzi akubweza. M'mawa anauma, maso anatembenuka. Tammwetsa panado pobwera. Sikuti ndi wofatsa. Kulirako mphamvu alibe."

"Bodza la pamaso panga!" anatero Mayi Simbi. "Mukudya zanga, mukugona mwanga..."

"Mayi, khalani chete," anatero dokotala. Nkhope inali itasintha. Tsopano anaika choyezera pakhungu penipeni, anayang'ana wotchi, anawerenga kapumidwe. Pepala la mankhwala lija analikwinya. "Sisitala, uyu ndi wa kuwodi. Okosijeni, ndipo muike diripi. Bedi akagawane ndi wina." Anatembenukira kwa Mayi Simbi. "Mukanapita naye kunyumba uyu, mukuganiza akanabwera bwanji?"

Funso lomwelo akanadzifunsanso mwini wake, koma madokotala sadzifunsa pagulu.

Namwino ananyamula mwana, amake pambuyo, diresi lili lendelende. Mayi Simbi anati atsatire, namwino anatsekereza ndi mkono. "Wodikirira ndi mmodzi. Amake."

"Ine ndine azakhali ake."

"Azakhali amabwera nthawi yoona odwala."

Anatsala pakhonde, anthu apabenchi akuwayang'ana. Wa patapata wosiyana uja anachita kuwasuzumira. Manyazi otere Mayi Simbi anali asanawaonepo. Anatuluka panja, anaima pamthunzi wa khoma, n'kuimbira mlongo wawo. Mlongoyo anayankha injini ikulira.

"Iwe, mkazi wako wandivula lero. Pamaso pa dokotala, pamaso pa gulu, kunditsutsa ine! Wakaulula za m'nyumba, mawa mumva msewu wonse ukuti kwathu kuli khunyu. Ukabwera mupeze kwina kokhala, ine ndatopa kulera anthu osayamika."

Injini inazima.

"Achemwali, mwana ali bwanji?"

"Amugoneka."

"Akuti ndi chiyani? Akupuma? Watsegula maso?"

Mayi Simbi anayang'ana chitseko cha kuwodi, chili chotseka. Zimenezo kwa dokotala sanafunse.