Mtsikana Amene Ankatsegula Zikwama za Eni

"Wakuba! Gwirani kamwanako!"

Mayi wa chikwama chofiira anamugwira mtsikanayo pamkono, pamzere wa kuchipatala, n'kumuwaza mbama. Mwanayo anali wa zaka zisanu ndi ziwiri. Sanalire ngati ana ena. Anadzigwetsa pansi, anatseka makutu, n'kuyamba kumenyetsa mutu pasimenti.

Amayi ake anabwera akuthamanga kuchokera pazenera la mankhwala. "Sakuba, mayi. Onani m'chikwamamo. Chasowa n'chiyani?"

Sichinasowe kanthu. Mwanayu ankangotsegula zipi, n'kutseka, n'kutsegulanso. Koma mayi uja sanapepese. Anati, "Muzimumanga ngati kulera kwakukanikani."

Madokotala anali atanena kale kuti mwanayu ali ndi otizimu, vuto la kakulidwe ka ubongo. Sankalankhula, ndipo phokoso linkamupweteka. Nanga pamzere ndani amafunsa zimenezo? Kusukulu nakonso anatsegula zikwama za anzake onse pa nthawi yopuma. Mphunzitsi wamkulu analemba kalata ya mizere itatu: asabwerenso.

Tsono mverani zimene amayi ake anachita, chifukwa ambiri a inu mukanachita zomwezo. Anatenga lezala n'kuchotsa zipi iliyonse m'nyumba. Pa siketi, pa chikwama cha sukulu, ngakhale pa jekete la malemu amuna awo. M'malo mwake anasokerera mabatani. Akamapita kuntchito yawo yochapa zovala m'nyumba za anthu, ankamutsekera m'chipinda ndi loko.

Mwana anasiya kudya. Mabatani aja anawazula ndi mano. Ankakhala pakona, chala chikukwera ndi kutsika pakhoma, kutsegula zipi imene kulibe.

Chinthu chimodzi chokha padziko chinkamukhazika mtima pansi, ndipo anamulanda chomwecho. Musandiuze kuti chinali chikondi. Anali manyazi, kuopa pakamwa pa anthu a pamzere.

Loweruka lina nsapato ya amayiwo inaduka lamba. Anapita naye mwana kwa mdala wosoka nsapato ndi zikwama, pakhonde la sitolo. Pansi pa benchi yake panali chitini chodzaza mazipi akutha. Mwana anangoti gwi pachitinipo. Amayi ake anamukoka diresi.

"Musiyeni, mlongo," anatero mdalayo. "Zimenezo n'zakufa. Akaba, andithandiza kutaya."

Mwanayo anakhala ola lathunthu phee. Mdala ankasoka uku akumuyang'ana chamseri. Kenako anaika pansi singano, n'kumupatsa chikwama chake cha zida.

"Taonani," anatero. "Watsegula, koma m'katimo wasuzumira? Ayi. Waika khutu. Mwana wanuyu amamvera kulira kwa zipi. Wakuba wanji wosayang'ana katundu?"

"Ine ndimati ndi khalidwe loipa."

"Khalidwe? Ine zaka makumi atatu ndikudyera khalidwe limeneli. Iwe Nazipi, tenga chitini chonsecho."

Amayiwo anayenda mpaka kunyumba akudzitukwana chamumtima. Zaka zonsezi ankayang'ana nkhope za anthu okwiya, osayang'ana manja a mwana wawo.

Sanathere pa kudzitukwanako. Anatenga chinsalu chakale n'kusokapo matumba khumi, lililonse ndi zipi yake. M'thumba lina anaika supuni, lina chipeso, lina sopo. Akaweruka ankakhala naye pansi. "Tsegula. Supuni. Tseka." Mawa lake chimodzimodzi. Kenako anamuonetsa zimene mdala anawaphunzitsa: zipi youma amaipaka kandulo, kamutu kake kakatasuka amakafinya ndi pulayala.

Musaganize kuti zinayenda ngati mafuta. Pulayala inaponyedwa pakhoma kangapo. Amayiwo anakandidwa kumaso. Alamu awo anati, "Mukuphunzitsa mbava ntchito yake." Ndipo m'mawa uliwonse loko ija inkabwererabe pachitseko, chifukwa ntchito siidikira munthu.

Patatha miyezi isanu ndi itatu, m'mawa wina, amayiwo anatuluka, anakoka chitseko, n'kukoleka loko. Asanaikanikize, anamva mawu aang'ono, osasa, kuchokera m'kati.

"Tsegula."

Anali mawu oyamba m'moyo wa mwanayo.

Loko ija amayiwo anaiponya m'dzala tsiku lomwelo. Anamugwira mwana dzanja, chinsalu chili m'khwapa, n'kulunjika ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu.

"Mayi, tilibe malo a ana otere," anatero mkuluyo.

"Malo alipo. Chimene mulibe ndi maso. Mupatseni zipi zakezake, muone ngati agwire chikwama cha wina."

Mkuluyo anawabweza kawiri. Kachitatu amayiwo anakhala pakhomo la ofesiyo mpaka mphunzitsi wina wachitsikana anati, "Abwere m'kalasi mwanga." Iyeyo anaika zilembo ndi manambala m'matumba aja. Nazipi anaphunzira kuwerenga potsegula zipi.

Lero ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Akaweruka kusukulu amakhala pabenchi ya mdala uja, amene maso ayamba kumuvuta. Amakonza mazipi, amasokanso tizikwama ta mapensulo ndi mazipi akutha a mitundumitundu. Anthu amam'patsa okha zikwama zawo kuti atsegule. Otizimu sinachoke, ndipo musafunse kuti idzachoka liti. Sakuyang'anani m'maso, mawu ake ndi ochepa, galimoto ikaliza hutala amatsekabe makutu. Koma sali kuseri kwa loko.

Mwana wanu mwina chimene amakonda si zipi. Mwina ndi madzi a pampopi, timiyala, ulusi, kapena gudumu lozungulira. Lekani kukalipa sabata imodzi yokha, mukhale pansi muone kumene manja ake amathamangira. Muone chimene akufunapo kwenikweni, kaya ndi kulira kwake, mtundu wake, kapena m'mene chimamvekera m'manja. Yambirani pamenepo, ndi chinsalu, chitini, chilichonse chimene muli nacho. Zikakanika lero, mawa mubwerezenso. Mtima wokhawo musautaye, ndipo musamulande chimene amakonda kuti musangalatse anthu osamudziwa.

Ndipo inu a pamzere, musanakweze dzanja pa mwana wa mnzanu, yambani mwayang'ana m'chikwama chanu ngati chasowa kanthu. Chitani bwino kuposa mayi wa chikwama chofiira uja, chonde.