Ndinalekanitsa Mapasa ndi Pensulo

Ndinagwetsa chinthu chimene mayi wina anachimanga zaka khumi ndi zinayi, ndipo ndinachigwetsa ndi pakamwa pangapa, dzuwa likuswa mtengo, ndili pantchito imene ndinkainyadira. Sindinabe, sindinaname, sindinatukwane munthu. Ndinangonena zoona mokweza pamalo pofunika kunong'ona. Inu owerenga, makamaka inu amene mumalowa m'makomo mwa anthu ndi mapepala a mafunso, ndimvereni bwino, chifukwa izi zinandichitikira ine ndemwe ndipo mpaka lero zimandisowetsa mtendere.

Ndinakulira ku Kawale. Nditamaliza Fomu 4 ndinakhala pakhomo zaka ziwiri, ndikusesa pabwalo ndi kulemba makalata ofunsira ntchito amene sankayankhidwa. Zinali zaka zija foni ya m'manja inali ya mabwana okhaokha, enafe tikukaimbira pa kagolosale. Kenako bungwe lina linafuna achinyamata oti azikafunsa mafunso m'makomo. Unali kafukufuku wofuna kudziwa mmene mabanja a m'tauni akukhalira: ndani akulera ndani, amayambana pa chiyani, akagwa m'mavuto amathamangira kwa yani. Ananditenga. Tsiku limene anandipatsa chikwama, mapensulo ndi kabaji kopachika pachifuwa, ndinadutsa pamsika wa Kawale ndikuyenda ngati nduna.

Ndiulule chilema changa pano pomwe. Ine ndili ndi mawu aakulu. Azichimwene anga ankanditcha Chimkuzamawu, ndipo kutchalitchi magetsi akathima ankaitana ine kuti ndiwerenge zolengeza. Kumaphunziro a ntchitoyo anatiuza kuti munthu tizimufunsa ali yekha, kuti mayankho akamatsutsana tizifufuza mpaka atagwirizana, komanso kuti tisanalembe tizibwereza yankho kuti mwini wake avomereze. Zofufuza ndi zobwereza ndinaziloweza ngati katekisimu, chifukwa ndi zimene ankatiyamikira nazo. Zokhala awiriwirizo ndinkazitenga mwachibwana. Ndikangoona kuti pabalaza palibe munthu wina, kwa ine nkhani inali itatha.

Sabata yachitatu anatitumiza ku Nsungwi, ku Area 25. Nyumba imene inandigwera inali ya mumdadada wa nyumba za lendi, ya zipinda ziwiri, zija khoma lake lapakati silifika kumalata. Nditafunsa njira, mayi wina amene ankakazinga mandasi analoza ndi mlomo, nati kwa amake mapasa ndi chitseko chachitatu. Mwini nyumbayo anali a Nangozo, mayi wa ku Ntcheu, wofatsa, wolankhula ngati akuopa kudzutsa munthu. Amuna awo anali kuntchito ku Kanengo. Anandipatsa mpando, iwo n'kukhala pamkeka ndi lichero la nyemba zimene ankasankha. Tisanayambe anandiuza kuti mwana wawo wina sanapite kusukulu, wagona kuchipinda, mutu ukumupweteka. Ndinamva. Ndinanenanso kuti pepani. Ndikubwereza dala pamenepa kuti pasapezeke wondiikira kumbuyo kuti mwina sindinkadziwa.

Tsamba loyamba linali lolemba anthu onse a m'nyumbamo ndi ubale wawo. Ubale uliwonse unali ndi nambala yake. Mwana wobereka wekha anali 3, mwana wa m'bale wako anali 8. A Nangozo anatchula ana asanu, anyamata atatu ndi atsikana awiri amapasa, Tamanda ndi Lonjezo, a zaka khumi ndi zinayi, onse a Sitandade 8. Ndinalemba 3 kasanu n'kutembenuza tsamba.

Patsogolo panali mafunso a kubadwa kwa mwana aliyense payekhapayekha. A Nangozo sankasunga masiku pa kalendala, ankakumbukira ndi nyengo. Za Tamanda anati anachira mvula yoyamba itangogwa, anthu akubzala. Tinacheza zina, ndinafunsa za anyamata aja, ndipo nditabwerera kwa Lonjezo, iwo maso ali palichero, anangoti ameneyo anabadwa chimanga chitauma, tikukolola. Khutu langa linagwira pomwepo. Mtima unandidumpha ndi chimwemwe cha mwana wasukulu amene wapeza pamene aphunzitsi alakwitsa pabolodi.

"Amayi, mapasa anuwa ndi amtundu wanji, wina pobzala wina pokolola?" ndinafunsa ndikuseka.

Iwo sanaseke. "Lembani mapasa basi, mwanangu."

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinalimbikira. Ndinawauza kuti pepala lotsutsana akandibwezera, kuti zonse zimene tikukamba ndi zachinsinsi, kuti mayina amachotsedwa, kuti kafukufukuyu athandiza mabanja ngati lawo. Mawu onsewo ndinali nditawaloweza ndipo ankatuluka bwinobwino. A Nangozo anayang'ana pamwamba pa khoma lija, anakokera mkeka pafupi ndi mapazi anga, nayamba kunong'ona.

Lonjezo anali mwana wa mng'ono wawo. Mng'ono wawoyo anadwala atangochira, ndipo mwamuna amene anamupatsa pakati anali atasowa kale. Mng'onoyo anamwalira khanda lili ndi miyezi iwiri. Asanatsirizike anapempha chinthu chimodzi, kuti mwanayo asadzakule akudziwa kuti ndi wamasiye, asadzamalozedwe chala. Pamenepo a Nangozo anali akuyamwitsa Tamanda, ndiye anangomutenga winayo n'kumuika kubere linalo. Dzina loti Lonjezo anamupatsa ndi iwo. Amuna awo atapeza ntchito ku Lilongwe, anafika ku Nsungwi wina kumsana wina m'manja. Aneba ataona makanda awiri anayamba okha kuwatcha amake mapasa, ndipo iwo sanawatsutse. Atsikanawo anakula akuvala zofanana, akudya mbale imodzi, akukangana kuti anayamba kutuluka ndani. Odziwa anali amuna awo ndi akuluakulu ochepa a kumudzi, ndipo tsopano ine.

Inu owerenga, munthu akakunong'onezani, mumamuyankha bwanji? Ine ndinawongola msana, ndinagwira pensulo, n'kuchita zimene ndinaphunzitsidwa. Ndinabwereza yankho ndi mawu anga aja owerengera zolengeza.

"Ndiye kuti Lonjezo si mwana wanu wobereka, ndi wa malemu mng'ono wanu. Ndalondola?"

Ndinabwerera patsamba loyamba, ndinafufuta 3, ndinalemba 8. Ndikupemerera tizinyenyeswa ta labala papepala, ndinamva bedi likulira kuseri kwa khoma.

Nyumba ya makolo anga ku Kawale inali yotero yomwe. Ndinakula ndikumva zonse zokambidwa pabalaza ndili kuchipinda, mpaka kutsokomola kwa aneba. Palibe chimene ndinkachisowa kudziwa za khoma lotere. Kungoti tsiku limenelo ndinkaona pepala lokha.

Katani wa pakhomo la kuchipinda anasuntha. Anatuluka mtsikana wamtali, atafunda chitenje m'mapewa. Anali Lonjezo. Anagwada, anandipatsa moni mwaulemu wonse, anatenga ndowa pakona n'kutuluka ngati akupita kumpopi. Sanayang'ane mayi ake. Manja a a Nangozo anali ataima m'nyemba muja. Ndipo ine, pochita manyazi, ndinapitiriza mafunso otsala. Limodzi linali lofunsa ngati makolo amamasukirana ndi ana awo m'banjamo. Anayankha kuti eya. Ndinachonga, ndinathokoza, ndinanyamuka.

Tsiku lotsatira mayi amene ankatiyang'anira pantchito anakweza pepala langa pamaso pa gulu lonse. Anati uku ndiye kufufuza, ena akanangolemba mapasa n'kumapita. Anzanga anandiombera m'manja. Ndinamwetulira mokakamiza.

Patatha masabata atatu tinabwereranso ku Nsungwi kukafunsa mabanja ena. Mtima unakana kudutsa njira ina. Ndinapeza a Nangozo akuchapa panja. Ndisanakhale n'komwe, Lonjezo anatuluka m'nyumba, anagwada chapatali, nati kwa iwo, "Anti, sopo watha." Anabwereranso m'nyumba.

A Nangozo anandifotokozera modekha, manja ali m'beseni. Anati mwanayo sanakalipe, sanalire pamaso pa anthu, sanakane ntchito. Tsiku lomwe lija, atabwera ndi madzi, anangofunsa dzina la mayi ake ndi kumene anaikidwa. Anamuuza zonse. Kuyambira m'mawa mwake mawu oti amayi anachoka pakamwa pake. Tamanda ankalira n'kumamuuza kuti asiye zimenezo, koma iye ankangoyankha kuti akunena zoona.

"Akanati amayi aakulu ndikanapirira, poti umayi ulimobe," anatero a Nangozo. "Koma anti ndi aliyense wodutsa mumsewu. Ngakhale inuyo ndinu anti."

Ndinapepesa. Ndinapepesa mpaka misozi, ndipo amene anatonthoza mnzake ndi iwo. Anati munali pantchito, mwanangu. Akananditukwana, kapena kundithira madzi a m'beseni aja, mwina ndikanapepukidwa. Ndinakwera minibasi yobwerera kutauni ndikudzida.

Kafukufuku anatha, ndinagwira ena awiri, kenako ndinakwatiwa n'kusamukira ku Biwi. Panapita zaka zinayi. Tsiku lina ndinapita kukaona mlamu wanga ku Area 25, ndipo podutsa pamsika wa Nsungwi ndinamva wina akunditcha mwana wa mapepala. Anali a Nangozo, atayala nyemba ndi mtedza pathumba. Anandisunthira kuti ndikhale pambali pawo. Ndinaopa kufunsa, koma anayamba okha.

Holide ya chaka chomwe chija Lonjezo anapempha kuti akaone manda a mayi ake ku Ntcheu. Anamulola, anamuperekeza mpaka kudepoti, atagwirizana kuti akakhala sabata imodzi. Sanabwere. Atafika kumudzi anayamba kufunsa za bambo ake, ndipo anawapezadi pa malo ena amalonda, ali ndi mkazi wina ndi ana ena. Bamboyo sanamupatse ndi mpando womwe. Kubwerera ku Nsungwi kunamuchititsa manyazi, ndiye anakhala kwa amalume ake. A Nangozo anamulondola kawiri, amuna awo kamodzi, osaphula kanthu. Mayeso a Sitandade 8 Tamanda analemba yekha. Pa atsikana awiriwo wanzeru kwambiri m'kalasi anali Lonjezo, koma pamene ndinkamva nkhaniyi anali atakwatiwa kumudzi ndipo anali ndi khanda. Ankabwera kamodzi pachaka, atasenza ufa ndi mbatata, n'kugwada bwinobwino monga mwana woleredwa. Koma anali anti basi. Nawo aneba anali atasintha, tsopano ankawatcha amake Tamanda.

Ndinakhala pamenepo ndikukanda pansi ndi kamtengo. Kenako anandifunsa ngati pepala lija likadalipo. Ndinkadziwa kuti mayankho analowetsedwa mu kompyuta kalekale, ndipo m'buku la zotsatira za kafukufukuyo limene linatuluka Lonjezo munalibe. Anangosanduka mmodzi mwa ana oleredwa ndi achibale. Ndinayankha kuti sindikudziwa.

"Mukadzalipeza, mudzafufute paja munalemba paja," anatero. "Mudzalembe kuti ndi mwana wanga. Ndinamuyamwitsa ine."

Anatapa mtedza manja awiri, anandithirira m'chikwama, nati ndikapatse ana.

Sindikunena kuti kafukufuku ndi woipa. Mavuto a m'mabanja sangathe ngati palibe wowafunsa. Koma inu amene mwapatsidwa chikwama ndi kabaji, dziwani kuti mukulowa m'nyumba zimene zaima pa zinthu zosaoneka. Musanatsegule pakamwa, yang'anani pamwamba pa khoma. Funsani amene ali kuchipinda, ndipo ngati muli munthu, tulukani mukakambire pansi pa mtengo, kapena mubwere tsiku lina. Munthu akatsitsa mawu, tsitsani anu. Mayi akakuuzani kuti lembani chonchi basi, pamakhala chifukwa, ndipo kubwezeredwa pepala kuofesi sikupha munthu. Kwathu kuno mayi akati mwana wanga amakhala akunena zambiri kuposa zimene kabokosi ka papepala kangalandire.

Nanunso makolo amene mukulera ana a abale anu, sindikukuweruzani, ndilibe nkhope yochitira zimenezo. Ndikungopempha kuti ngati pali choti mwana adzamve tsiku lina, adzamve kwa inu, mutamukhazika pansi, mutamugwira dzanja. Asadzamve kwa mlendo wa mawu aakulu amene akufuna kuomberedwa m'manja.

Ine ndinasintha nambala imodzi yokha, ndipo sizinanditengere ngakhale mphindi. A Nangozo anandituma kuti ndikaibwezeretse. Ndi ntchito yokhayo imene anandipempha, ndipo sindingathe kuigwira.