Makilomita Amene Bambo Anabisa

Helemeti yanga inali ya munthu wamkulu, yofiira, yokandikakandika kumbuyo. Bambo anaigula kwa mnzawo wina wa ku Bapong komwe tinkakhala, ndipo popeza mutu wanga unkasowa m'menemo, mayi ankapinda kansalu kakale n'kukapanikiza mkati kuti isamagwedere. Inkanunkha thukuta la mwini wake woyamba ndi mafuta okazingira. Ndikaivala ndinkamva kupuma kwanga ngati ndili m'chigubu. Ndinali mtsikana wa zaka khumi, m'nyengo yachisanu ya chaka chija mavuvuzela ankalira mpaka m'matekisi.

Bambo anali atasiya ntchito ya kumgodi chifukwa cha chifuwa. Anachoka kwawo ku Ntcheu ali mnyamata, ndipo pansi pa nthaka ya Joni anasiyapo zaka zoposa makumi awiri. Atalandira ndalama zopumira, anatapako n'kukagula njinga yamoto yatsopano m'sitolo ina ya njinga ku Rustenburg. Anzawo onse anawauza kuti agule yogwirapo kale. Iwo anakana. “Ayikona,” anatero. “Moyo wanga wonse ndagwiritsa zinthu zimene ena anatopa nazo.”

Njingayo inali yaing'ono, yabuluu, koma inkadyetsa banja lonse. M'mamawa bambo ankanyamula chidebe cha magwinya, mandasi a kuno aja, amene mayi ankakazinga, n'kukagulitsa pazipata za migodi. Akabwerako ankanditenga ine kupita kusukulu ku Bethanie, chifukwa masukulu apafupi anali atadzaza. Masana ankabweranso kudzanditenga. Ndimakumbukira mphepo yozizira ikulowa m'manja mwa juzi, udzu wopserera m'mbali mwa msewu, ndi fumbi loyera lochokera pamilu ya migodi likumata pagalasi la helemeti. Ndinkakumbatira bambo m'chiuno, ndipo akatsokomola ndinkamva chifuwa chawo chikugwedezeka m'manja mwanga.

Vuto linali lakuti njinga yatsopano imabwera ndi lamulo lake. Eni sitolo analonjeza kuti ikawonongeka chaka chisanathe adzaikonza ulere, koma pokhapokha ngati izipita kugalaja yawo yokha kukachitidwa sevisi ikangoyenda makilomita 3,000, iwo n'kudinda m'kabuku. Pogula paja bambo anaona ngati makilomita 3,000 ndi ulendo wa chaka. Koma ndi Bethanie kanayi patsiku, kuwonjezera zipata za migodi, ankakwana mwezi umodzi ndi theka usanathe.

Sevisi yoyamba anapita akuimba nyimbo. Yachiwiri atabwerako anangoika pepala patebulo. Mayi analiyang'ana nthawi yaitali. Ndinamva akufunsa kuti, “Marandi 900 kungosintha oyilo ndi pulagi?” Bambo anafotokoza kuti zinthuzo pazokha sizinali zodula kwenikweni, chodula chinali dzanja la makaniko, loti amalipiritsa pa ola. Mayi anati magwinya a milungu iwiri athera pa ola limodzi la munthu wina. Sanakweze mawu. Mayi akakwiya ankalankhula motsitsa, uku akupukuta mbale youma kale.

Amalume, achimwene awo a mayi, ankachita lendi chipinda ku Photsaneng ndipo ankakonza majenereta ndi mapampu pansi pa mtengo. Loweruka lina anabwera kudzatichezera, anamva nkhaniyo, naseka mpaka kugwira m'mimba. Anati oyilo yemweyo akhoza kuthira iwo ndi marandi 80. Bambo anayankha kuti dzanja la munthu wina likakhudza injini, lonjezo la eni sitolo latha. Amalume anagwada pafupi ndi tayala lakutsogolo n'kuloza kachingwe kakuda kochokera pakati pa tayala kukwera kuwotchi yowerenga makilomita.

“Alamu, njinga siwerenga yokha. Chimawerenga n'chingwe ichi.”

Bambo anali mkulu wa mpingo. Lamlungu lililonse ankaimirira kutsogolo m'kalasi imene Amalawi ankabwereka popempherera, atavala jekete yakuda, n'kuwerenga mawu. Kunyumba mwana akanama, ngakhale za shuga wa m'kabati, ankamukhazika pansi kwa ola lathunthu. Tsiku limenelo anayenda kuzungulira njingayo kawiri, analowa m'nyumba, anatulukanso. Kenaka anangoti, “Mpaka chisanu chithe basi.” Amalume anamasula kachingweko ndi zala ziwiri n'kukamangirira kumbuyo kwa nyale ndi waya.

Ine ndinalipo, ndinkasewera fulaye ndi mwana wa pachipinda choyandikana, koma sindinamvetse chimene chachitika. Ndinangoona kuti kuyambira Lolemba singano ya wotchi ija inagona osadzukanso. Ndinkakonda kusuzumira paphewa la bambo kuona ikukwera tikafika pamsewu wa tala. Nditafunsa, anandiuza kuti yatopa. Lero ndikaganiza, limenelo ndilo bodza loyamba limene bambo anandiuza, ndipo analinena akuyang'ana kutsogolo.

Miyezi ija inali yabwino, sindingakane. Amalume ankabwera kudzathira oyilo wawo wa m'chigubu chopanda dzina, kumangitsa tcheni, n'kudya nafe. Mayi anandigulira magolovesi ndi nsapato zatsopano za sukulu. Nyama inayamba kuoneka pakati pa sabata. Aphunzitsi athu a masamu anatipatsa ntchito yoti aliyense apeze mtunda wa kwawo ndi kusukulu, ndipo ine ndinapambana kalasi yonse: makilomita 25 kupita, 25 kubwerera, koma bambo amayenda kanayi, ndiye 100 patsiku. Aphunzitsi anandiimiritsa kutsogolo n'kuuza anzanga kuti andiombere m'manja. Mwana wa ku Malawi sankaomberedwa m'manja kawirikawiri pasukulu ija. Nambala imeneyo ndinaisunga pamtima ngati ndime ya m'Baibulo.

Chakumapeto kwa Julayi injini inayamba kugogoda. Poyamba pang'ono, ngati wina akumenya supuni pakapu, kenaka mwamphamvu, ndipo utsi wabuluu unkatitsata mumsewu. Amalume anamvetsera, napukusa mutu, nati vuto lili mkati ndipo zipangizo zake alibe. Koma anakumbutsa bambo kuti lonjezo lija likadalipo, poti wotchi inkaonetsa kuti nthawi ya sevisi yachitatu sinakwane. Anabwezera kachingwe kaja pamalo pake, n'kupakapo fumbi kuti pasaoneke kuti panagwiridwa.

Linali Loweruka, mayi anali kumaliro, choncho bambo ananditenga. Tinayenda pang'onopang'ono mpaka ku Rustenburg. Sitoloyo ndinali ndisanaionepo. Pansi pake pankawala ngati m'chipatala, njinga zikuluzikulu zitandandalikidwa, ndipo munkanunkha matayala atsopano ndi khofi. Bambo anavula chipewa polowa, monga ankachitira kwa akapitawo a kumgodi. Makaniko wina wovala ovololo yoyera anakankhira njinga yathu mkati, ndipo ife tinakhala pamipando yofewa.

Mayi wa pakauntala anali wansangala. Anandipatsa switi, nandifunsa m'Chitswana kuti ndili giredi yanji, ndimaphunzira kuti. Nditatchula Bethanie anadabwa, nati n'kutali, kodi ndimakwera matekisi angati. Ndinaimirira monga ndinaimirira m'kalasi muja. Ndinayankha m'Chingerezi changa chabwino kwambiri kuti sindikwera tekisi, bambo anga amandiperekeza panjinga tsiku lililonse, makilomita 100 patsiku, kuyambira mwezi wa Malichi. Ndinawonjezeranso kuti ndikanatha kuwerengera bwino koposa, kungoti singano ya wotchi inatopa ndipo yadzuka dzulo.

Mayiyo sanasiye kumwetulira, koma maso ake anatsikira pakabuku kathu kamene kanali patsogolo pake. Anakatenga n'kulowa nako kugalaja. Ndinacheukira bambo kuti ndione ngati anyadira. Anali akuyang'ana chipewa chawo, akuchizunguliza m'manja.

Anatiitanira mkati. Makaniko uja sanakalipe. Analoza tayala lakumbuyo lomwe linali litatha mano, naonetsa oyilo wakuda pachala chake, kenaka n'kufunsa bambo funso limodzi. Sindinalimve bwino chifukwa cha phokoso la makina, koma yankho ndinalimva.

“Inde, ndinamasula ndine. Mwanayu wanena zoona.”

Bambo sanatchule dzina la amalume. Makaniko anati zikatero lonjezo lafa, ndipo analemba papepala mtengo wokonzera injini. Bambo anawerenga, nalipinda kanayi, n'kuthokoza. Ndinadzamva patapita zaka kuti mtengowo unkayandikira theka la mtengo wa njinga yonse.

Bambo anaikankha njingayo kutuluka nayo pamanja. Anayesa kuiliza, inalira pang'ono n'kuzima. Tinadikira pamthunzi wa khoma mpaka bambo atagwirizana ndi mwini bake ina, galimoto yotsegula kumbuyo, yopita cha ku Bapong. Tisanakwere analowa m'kashopu ka pakona n'kundigulira tchipisi, zothira viniga wambiri monga ndinkakondera. Tinakhala kumbuyo kwa bakeyo, njinga itagona pakati pathu, petulo akudontha pansapato zanga zatsopano. Tchipisi zija sindinazimalize. Ndinkadikira kuti andikalipire, koma njira yonse anangotsokomola.

Kunyumba mayi atamva, anandiyang'ana kamodzi n'kunena kuti, “Pakamwa pako.” Bambo anawadula. “Amake mwana, musamukhudze. Tinamuphunzitsa ndife.” Amalume anabwera m'mawa mwake, anamasula injini yonse n'kuyala zitsulo pathumba, koma patatha milungu itatu anavomera kuti zawakanika. Njingayo inagulidwa ndi munthu wina wofuna matayala ndi nyale. Bambo anayamba kunyamula chidebe cha magwinya paphewa kupita kuchipata chapafupi chokha, akupumira kawiri panjira. Ine ndinayamba kukwera matekisi awiri, ndipo chaka chitatha anandipezera malo pasukulu ya ku Bapong. Aphunzitsi a masamu aja sindinawatsanzike.

Ndakula tsopano, ndipo ndakhalapo pamipando yofewa ya m'magalaja ndikudikira galimoto yanga. Ndikudziwa kuti makaniko uja sankafunikira mawu anga. Tayala lokha linali litaulula kale. Ndikudziwanso kuti munthu akhoza kugula chinthu chatsopano koma osakwanitsa kuchisunga chatsopano, ndi kuti pogulitsa paja palibe amene anafunsa madala wachifuwa kuti aziyenda mtunda wotani patsiku. Koma sindiwachotsera bambo mlandu, poti iwo eni sanadzichotsere.

Lamlungu lotsatira ulendo wa ku Rustenburg uja, anavala jekete yawo yakuda monga mwa nthawi zonse. Titafika kutchalitchi sanapite kutsogolo. Anakhala pabenchi yakumbuyo, pamene pankakhala ana, pafupi ndi ine, mawondo awo atakwera m'mwamba chifukwa benchiyo inali yaifupi. Mawu anawerenga munthu wina. Zinakhala choncho mpaka mvula itagwa. Ine ndinkakhala chowuma, manja pamiyendo, ndikukhulupirira kuti abwera kudzandilondera kuti ndisatsegulenso pakamwa pamaso pa anthu. Sindinkadziwa kuti anapita okha kwa akulu anzawo kukapempha kuti awatsitse, palibe amene anawaneneza, ndiponso kuti chimene chinkawalepheretsa kuimirira kutsogolo sichinali mpingo wonse uja ayi, koma kamtsikana kamodzi kamene kakanawayang'ana kuchokera pabenchi yakumbuyo.