Mlamba Wopemphera

Dzulo mwana wanga anandionetsa pa foni nsomba zikuluzikulu zosungidwa m'galasi. Pompo ndinamva fungo la ndere, ngati ndabwerera m'nyumba mwathu ku Bwanje.

Abambo pochokera ku Joni anabwera ndi bokosi lagalasi limene abwana awo anataya. Anaikamo kamlamba ka m'munda wa mpunga, ndipo tinkakadyetsa chiswe mpaka kanakula kuposa mkono wanga. Mlambawo ukakwera pamwamba pa madzi n'kuyasamula kukamwa, ine ndinkati ukupemphera.

Tsiku lina kunabwera abusa, nkhuku zathu zonse zitatha ndi chitopa. Amayi anatenga mpeni n'kuima pagalasi paja.

"Bambo a Esinati, alendo adya chiyani? Ndiwo zikungosambira apa."

Abambo anangokanda m'mutu. Ine ndinakumbatira galasilo ndikulira, tsaya litazizira.

"Amayi, musauphe chonde. Umapemphera kuposa ife."

Abusa anamva, nalowa, n'kuwerama kuuyang'anitsitsa. Mlamba uja unakwera pang'onopang'ono, ndevu zikugwedera, n'kuyasamula.

"Esinati wanena zoona. Bwezani mpeni, mayi," anatero akuseka. "Ine kudya mkhristu mnzanga? Kudimba kulibe nkhwani kodi?"

Anadya nkhwani wotendera mpaka kunyambita zala. Mlamba wathu unakhala nafe kufikira galasi litauchepera, abambo n'kukausiya mumtsinje.

Lero ndikudziwa kuti unkangokoka mpweya. Komabe m'mawa uliwonse ndikadzuka ndikupuma, ndimathokoza Ambuye, ndipo sindichita manyazi kunena kuti anandiphunzitsa ndi mlamba.