Phazi Lomwe Linachedwa pa Buleki

Kusukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto anthu ankawatchula kuti a Pang'onopang'ono, chifukwa mawu amenewa sankachoka pakamwa pawo. Anaphunzitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, atakhala pampando wa pambali m'kagalimoto koyera ka mabuleki awiri, ina ya wophunzira, ina yawo. Anali munthu wanthabwala. Wophunzira akazimitsa galimoto pakati pa msewu, iwo ankangoti, "Zikomo kwambiri, mwatisungira mafuta."

Tsiku lina m'mawa ankaphunzitsa mayi wina wogwira ntchito kubanki, yemwe linali tsiku lake lachinayi kugwira chiwongolero. Foni inalira m'thumba la shati yawo. Anaitulutsa n'kuyang'ana. Unali uthenga wotsatsa malonda basi. Pomwe ankadzutsa mutu, wanjinga wonyamula mazira anali atafika kale kutsogolo kwawo, ndipo mayi uja, m'malo moponda buleki, anaponda moto. Phazi la a Pang'onopang'ono linafika pa buleki yawo litachedwa. Wanjingayo anamwalira akuthamangira naye kuchipatala.

Apolisi anati inali ngozi. Abwana awo anawapatsa masiku atatu oti apume. Za foni ija sanauze munthu.

Koma wina wodutsa anali atajambula zonse, ndipo sabata isanathe kanemayo anali m'foni ya aliyense: mazira ali mbwee pamsewu, nsapato imodzi ili poteropo, iwo atagwira kumutu. Mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, anawatumizira kanemayo n'kufunsa, "Alamu, awa si inu?"

Atabwerera kuntchito, thupi linawakana. Akangotseka chitseko cha galimoto, mtima unkagunda ngati utuluka, thukuta lili kamukamu. Ankaponda buleki pamsewu wopanda kanthu, wophunzira n'kuwomba chifuwa pachiwongolero. Patatha mwezi abwana anawaitana.

"Akuluakulu, ophunzira akuthawa. Kapumeni kaye. Mutu ukakhazikika mudzabwere."

Kunyumba ankangokhala pampando wapakona pabalaza, maso ali pakhoma. Akazi awo, omwe ankasoka mayunifolomu a ana asukulu, ankawaikira chakudya n'kudzachichotsa chitazizira. Mwana wawo wamkazi, yemwe anali kukoleji, ankawatumizira tizithunzi ta maluwa m'mawa uliwonse, pansi pake patalembedwa kuti lero ndi tsiku latsopano. Iwo ankayankha kuti "Zikomo mwanawe," n'kuika foniyo chafufumimba.

Mlamu uja anabweranso kudzawalimbikitsa. "Alamu, mwamuna safooka chonchi. Ine ndinagundapo mbuzi ziwiri tsiku limodzi, koma si uyu ndikuyendetsabe?" Anaseka yekha.

Akazi awo ndi amene anawakokera kuchipatala. Adokotala anayeza magazi, shuga ndi mtima, zonse zili bwinobwino.

"Mumagona, bambo?"

"Ayi."

"Mumaganiza kwambiri?"

"Eya."

"Ndiye chepetsani maganizowo," anatero adokotala, maso ali kale pa wodwala wotsatira. Anawonjezera kuti pali mlangizi amene amabwera Lachinayi loyamba la mwezi.

Lachinayi loyambalo mlangizi anali kumsonkhano. Mwezi winawo anamupeza, mtsikana waulemu wake, atakhala m'kachipinda komwe chitseko chake sichinkatsekeka. A Pang'onopang'ono anali atakonzeka kuulula za foni ija. Njira yonse ankabwereza mawuwo chamumtima. Koma pabenchi ya panja, pafupi ndi chitseko penipeni, panakhala mayi woyandikana nawo nyumba, khutu lili tcheru.

"Chikukuvutani n'chiyani, bambo?" anafunsa mlangiziyo.

"Mutu basi. Umangondiwawa."

Sanapitekonso.

Anadzaulula kwa akazi awo masana ena, makina osokera akulira.

"Mayi, tsiku lija ndinkayang'ana foni. Ndikanakhala maso, munthu uja bwenzi ali moyo."

Makina anaima. Mayiwo anadzuka, anasuzumira panja, n'kutseka chitseko.

"Mwauzanso ndani?"

"Palibe. Ndinu oyamba."

"Zithere m'nyumba muno, bambo. Mukufuna akakutsekereni? Mwana uja mumuchititse manyazi kusukulu? Wapita wapita, simungamudzutse."

Mayiwo analira pang'ono, anapukuta misozi ndi kansalu kotsala, kenako anapondanso makina. Nkhaniyo sanaitchulenso. A Pang'onopang'ono ankayembekeza kuti akalankhula, chimwala cha pachifuwa chipepukako. M'malo mwake anachisenza anthu awiri, aliyense payekha. Mayiwo sanasiye kuwasamala, koma akamawapatsira madzi osamba kapena tiyi, maso ankawalozetsa kumbali.

Papita zaka ziwiri tsopano. Galimoto sakweranso, ngakhale minibasi. Kumene miyendo singafike, sapitako. Anaonda moti lamba anamuboola mabowo ena awiri. Ntchito yawo ndi kudula ulusi wotsalira ndi kusokerera mabatani pa mayunifolomu, ndipo amaigwira mosamala. Anthu a mumsewu wawo amati anazungulira mutu. Ena amati ndi ulesi chabe, mwamuna wanji wodyetsedwa ndi mkazi. Anzawo akuntchito anasiya kuimba foni.

Mwana wawo atamaliza maphunziro, anawachonderera kuti akapezeke pa tsiku lolandira satifiketi. Ulendo wake unali wa maola anayi pa basi.

"Adadi, mungotsinzina njira yonse. Ine ndikugwirani dzanja."

Iwo anavomera. M'mawa wa tsikulo anavala jekete, anapukuta nsapato, n'kuyenda ndi akazi awo ndi mwanayo mpaka pokwerera basi. Injini italira, miyendo inauma gwa. Kondakitala anakuwa kawiri, anthu m'basimo anayamba kung'ung'udza, mwana akuwakoka mkono uku akulira. Pamapeto pake mayi ndi mwana anakwera okha.

A Pang'onopang'ono anabwerera kunyumba wapansi. Anavula jekete n'kulipachika kuseri kwa chitseko. Pampando panali mashati makumi anayi odikira mabatani, ndipo anayamba ndi yapamwamba.