Mayi Bwenaua ndi Masabata Awo Awiri

Mayi Bwenaua anafika kwathu ku chilumba cha Teraina pa sitima yapamadzi ya boma, nthawi imene ankasamutsa mabanja kuchoka kuzilumba zothithikana za kumadzulo. Anabwera ndi amuna awo, a Tabokai, mphasa ndi makina osokera. Mng'ono wawo Teretia anatsala kwawo ku Nikunau, ulendo wa milungu ingapo panyanja.

Chimene chinawadabwitsa pofika ndi mvula. Kwawo kunali kouma, madzi a pachitsime amchere. Kuno anapeza nyanja ya madzi akumwa pakati pa chilumba, ndipo ankachapa ngakhale zovala zoyera kale.

Masiku amenewo dziko lathu linali ndi masiku awiri nthawi imodzi. Kukakhala Loweruka kwathu, ku Nikunau ndi kulikulu ku Tarawa kunali kale Lamulungu. Choncho Loweruka lililonse mayiwa ankavindikira makina awo, kuvala diresi loyera n'kukhala pakhomo, kumaimba nyimbo za kutchalitchi.

"Kodi amayi, kokonati uyu aziswa yekha?" ankatero a Tabokai.

"Teretia ali m'tchalitchi pano. Ine ndizigwira nkhwangwa iye akupemphera?"

"Ndiye mawa?"

"Mawa ndi Sabata langa."

Tinkawaseka, komabe akazi ena anayamba kumakhala nawo, aliyense akukamba za chilumba chimene anachokera. Inenso ndinkapitako, popeza amayi anga ndinawasiya ku Beru. Tinkamwa madzi a kokonati, kudya nsomba zouma, kokonati wogulitsa ali mulu osaswa.

Kumapeto kwa 1994, mkulu wa wailesi analengeza kuti boma lafuna dziko lonse likhale pa tsiku limodzi. Tinachoka pa Lachisanu kulowa Lamulungu, Loweruka osaliona. A Tabokai anasangalala kuti ntchito iyenda. Mayi Bwenaua anaimba mokweza m'tchalitchi tsikulo, podziwa kuti akuimbira limodzi ndi mng'ono wawo. Koma kukumana kwathu pakhomo paja kunathera pomwepo, chifukwa tinalibenso chonamizira.

A Tabokai atamwalira, mayiwa anadikira sitima yobwerera ku Nikunau pafupifupi chaka. Itabwera, anyamata anawanyamula kuwakweza m'bwato, mafunde akuwomba pamatanthwe. Makina anandisiyira ine.

Patapita miyezi tinamva pa wailesi kuti anafika bwino, ndipo anamupeza Teretia ali moyo, ngakhale maso anali atachita khungu. Akuti mayiwa ankadandaula kuti madzi a kwawo sachita thovu pochapa. Ku Teraina sanabwererenso.