Chingamu pa Chivindikiro cha Thanki

Ndikukumbukira m'mawa wa tsiku la ukwati wa akulu anga a Tiwonge. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo tinkakhala pa boma la Mzimba. Ukwati unali wokadalitsira ku Embangweni, kwawo kwa mwamuna. Adada anali ndi pikapu yakale yoyera yomwe ankanyamulira chimanga ndi fodya wa anthu, ndipo tsiku limenelo inali ndi mwayi wonyamula mkwatibwi. Ntchito yoitsuka anandipatsa ine.

Ndinaitsuka ngati mbale ya alendo. Nditafika pa chivindikiro cha thanki ya petulo, ndinaona kabowo kakang'ono ngati kobooledwa ndi singano. Adada ankanena kawirikawiri kuti madzi akalowa mu petulo, injini imafa. Ndinalavula chingamu chomwe ndinkatafuna, n'kumata kabowoko bwinobwino ndi chala, kenako n'kupitiriza kuthira madzi. Sindinauze munthu. Ndinkadikira kuti wina aone yekha, andiyamikire.

Tinanyamuka dzuwa litangokwera. Kutsogolo kunakhala adada, a Tiwonge mu diresi loyera, ndi amama. Kumbuyo tinadzazana ife: amayi a kwaya, ine, thumba la mpunga, ndi amalume athu, omwe kwathu timati asibweni. Iwowa anayendetsapo mathirakitala ku esiteti ya fodya ku Kasungu, ndipo m'zikhadabo mwawo simunkatha oyilo ngakhale asambe chotani. Fumbi lofiira linkatitsatira m'mbuyo, amayi akuimba ataphimba kukamwa ndi zitenje.

Titayenda ndithu, galimoto inayamba kudodoma. Inakhosomola kawiri, n'kuzima pakati pa msewu. Nyimbo nayo inazima. Asibweni anatsika, natsegula boneti. Anati injini imafuna zinthu zitatu: moto, petulo ndi mpweya, ndipo wodwala umamufunsa chimodzichimodzi. Anazula waya wa pulagi, nauyandikiza pa chitsulo, adada akuliza injini. Kamoto kabuluu kanathetheka. Moto unalipo. Anagwedeza mawaya a batire, ali olimba. Adada atayesanso, galimoto inalira yokha ngati sinalakwe kanthu. Amayi anaimba nthungululu, tinapitirira.

Sitinapite patali, inazimanso, ulendo uno pa chitunda. Tinaika miyala kumatayala. Asibweni anayang'ana fyuluta ya petulo, kabotolo koonekera mkati, napeza muli mbee, mopanda kanthu. Anazula paipi, naipopa ndi pakamwa, n'kulavula masaya atakwinyika. Fungo la petulo linasakanikirana ndi la mafuta odzola a amayi. Tinadikira, inaliranso, ndipo patangopita kanthawi inazimanso kachitatu.

Apa dzuwa linali litafika pamutu. Masiku amenewo kunalibe foni ya m'manja yoti n'kuuza a ku Embangweni kuti tili m'njira. A Tiwonge anakhala pa chitenje pansi pa mtengo wa msuku, atakweza diresi kuti lisade, misozi ikudula mizere mu pawudala. Ankati akwawo kwa mwamuna aganiza kuti athawa ukwati. Adada, munthu wosakonda kulankhula, ankangozungulira galimoto, jekete la suti lili paphewa.

“Mulamu, petulo munathira wokwanira?” anafunsa asibweni.

“Wodzadza, dzulo lomweli,” anayankha adada.

Asibweni anathyola kamtengo kuti apime okha. Atangopotokola chivindikiro, thanki inakoka mpweya, fyuuu, ngati munthu amene wavuuka m'madzi. Anaima chilili. Anatembenuza chivindikirocho, nachiyandikiza kumaso, n'kukanda ndi chikhadabo. Chingamu changa chinatamuka, chapinki, dzuwa litachifewetsa.

“Mbwenu matenda ndi awa,” anatero. Anafotokoza kuti petulo akamachoka m'thanki, mpweya umayenera kulowa m'malo mwake kudzera pa kabowo kaja. Kabowoko kakatsekeka, pampu imakoka mpaka kulephera, monga momwe botolo limakanira ukamayamwa osasiya mpata. Galimoto ikaima, mpweya unkalowa pang'onopang'ono, n'chifukwa chake inkalira ikapumula. Kenako anafunsa kuti wamata ndani.

Ndikanatha kukhala chete. Ana oseweretsa galimoto ya adada anali ambiri. Koma ndinayang'ana nkhope ya a Tiwonge, ndipo mawu anatuluka okha, aang'ono ngati a mwanapiye.

“Ndine, asibweni. Ndimaopa madzi angalowe.”

Ndinatseka maso kudikira khofi. M'malo mwake ndinamva adada akuseka, kuseka kogwira m'mimba, mpaka jekete linagwa m'fumbi. “Wezi mwana wanga,” anatero, “nzeru unali nazo, koma wasowa kufunsa.” A Tiwonge anazula pini pa velo lawo, asibweni natokosera kabowoko, naupemerera, n'kutseka thanki. Galimoto inalira kamodzi ndipo sinakhosomolenso.

Tinafika mochedwa chomene. Tinapeza mkwati ali pamsewu, atabwereka njinga kuti atitsatire, buluku la suti atalipisa m'masokosi. Ataona mkwatibwi anaigwetsa njingayo pomwepo. Abusa anadalitsa ukwati anthu akuyasamula ndi njala, koma pa madyerero nkhani ya chingamu inayenda tebulo ndi tebulo, ndipo ena anandifupa ngati ndavina.

Lero zinthu zinasintha. Mwezi wathawu galimoto yanga inayamba kuzima ndikuyenda, ndipo ndinapita nayo ku galaja ina pa boma. Amene anandilandira anali mtsikana wovala ovolosi. Analumikiza kakompyuta pansi pa chiwongolero, ndipo patangopita mphindi zochepa anandiuza kachipangizo komwe kanafa. Sanalawe petulo, sanathyole kamtengo. Ndinamufunsa mafunso ambirimbiri, iye akuyankha moleza mtima, mpaka anadabwa.

“Amama, kodi munaphunzirako za umakaniko?”

“Pang'ono,” ndinatero. “Ndinayamba ndi kuwononga.”

Anaseka, nandipatsa sipanala kuti ndimange ndekha bawuti yomaliza ya kachipangizo katsopano.